Zala Zotopa Zimachedwa Kugwira

Anzanga, gwirani mkono wanu pansi pa chigongono, kenako gwedezani zala. Mwamva chinachake chikuyenda pamenepo eti? Minofu yamphamvu yoyendetsa zala ili pamenepo, osati m'zala zenizenizo. Imakoka zala ndi mitsempha yaitali yodutsa m'dzanja, ngati zingwe za mabuleki a njinga.

Mu Biology timaphunzira za reflex, zimene thupi limachita lokha tisanaganize. Chitsanzo chotchuka ndi chokhudza moto, koma ine chimandisangalatsa ndi ichi: kapu ikayamba kuterereka m'manja, khungu la kunsonga kwa zala limamva, ndipo zala zimafinya zokha iwe mwini usanadziwe n'komwe. M'kati mwa minofu mulinso tizigawo totchedwa muscle spindles. Mnofu ukakokedwa modzidzimutsa, timeneti timatumiza uthenga ku spinal cord, mumsanamu, ndipo yankho limabwerera pomwepo osadikira ubongo.

Nanga minofu ikatopa? Uthenga umafika ndithu, koma wotumidwayo mphamvu alibe. Mnofu wotopa umakoka mofooka ndipo umachedwa kumasuka. Komanso ukafinya chinthu nthawi yaitali, monga mpini wa khasu, mnofuwo umapana mitsempha yake ya magazi, ndiye okosijeni amafika wochepa. Zotsalira monga lactic acid zimachuluka, ndipo mitsempha ina imauza spinal cord kuti ichepetseko kulamula. Zala zimayamba kunjenjemera, chinthu chikapulumuka zimalephera kuchigwira bwino.

Ife oyendera ndiye izi ndi zatsiku ndi tsiku. Wapopa mjigo, wanyamula zidebe, mwina wapalirako mizere ingapo, wapalasa njinga, kenako akuti gwira cholembera. Zilembo zimatuluka zokhotakhota, aphunzitsi n'kumati ndiwe wosasamala. Koma zolembazo n'zazing'ono. Ganizirani chikwanje kumapeto kwa ntchito: mpini wanyowa ndi thukuta, zala zatopa, dzanja linalo lagwira nkhuni pafupi ndi podulapo. Apo ine ndimati bola kuyamba wakhala pansi.

Mwayi wake kutopa kotere sikukhalitsa. Ukapumula mphindi zingapo, n'kutambasula zala ndi kugwedeza manja, magazi amayendanso bwino. Anzanga a Fomu 2, JCE ikubwera. Tiwapemphe makolo mwaulemu kuti m'mawa wa tsiku la mayeso mjigo apope ena. Ndipo cholembera musamachifinye ngati mpini, chifukwa pepala lisanathe dzanja likhala litauma kale.