Sitiroko: Mafunso ndi Mayankho

Kodi sitiroko n'chiyani?

Ndi matenda amene ambiri timati kufa ziwalo. Gwero lake lili mu ubongo, osati m'dzanja kapena m'mwendo walemerawo. Kawirikawiri mtsempha wopititsa magazi ku ubongo umatsekeka ndi magazi oundana, nthawi zina umaphulika. Mbali imene yasowa magazi imayamba kufa m'mphindi zochepa chabe.

Ndingadziwe bwanji kuti munthu wagwidwa ndi sitiroko?

Imabwera modzidzimutsa. Mumadya naye nsima bwinobwino, kenako mbamu yamupulumuka, pakamwa papotoka, malovu akuchucha, mawu akukokeka ngati woledzera pomwe mowa sanaulawe. Muuzeni amwetulire, muone ngati tsaya limodzi lagwa. Akweze manja onse awiri, muone ngati lina likutsika lokha. Atchule dzina la mudzi wake, mumve ngati likumveka. Chimodzi chokha mwa zitatuzi chikalakwika, nyamukani. Ena amasiya kuona, ena amadzandira, ena mutu umawapweteka kuposa mmene unawapwetekerapo chibadwire.

Ndiye tichitenji?

Thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Mawu akuti "tione kukacha" apundula anthu amene akanayenda. Kumbukirani nthawi imene zinayambira, chifukwa adokotala adzafunsa. Musamupatse madzi, phala kapena tiyi: sitiroko imasokoneza kameza, ndipo chakudya chingalowe m'mapapo. Musamumwetse aspirin, chifukwa ngati mtsempha waphulika, magazi adzatayika kwambiri. Chimene chimasiyanitsa mtsempha wotsekeka ndi wophulika ndi makina ojambula ubongo a CT scan, onga a pa Queen Elizabeth ku Blantyre ndi pa Kamuzu Central ku Lilongwe. Ngati wakomoka, mugoneke chammbali.

Nanga zizindikiro zikatha zokha?

Pitanibe tsiku lomwelo. Limenelo ndi chenjezo, ndipo sitiroko yaikulu ingatsatire m'masiku ochepa.

Munthu anali bwinobwino dzulo. Kodi si kulodzedwa?

Funsoli ndi lomveka, chifukwa chinthu chogwetsa munthu wamphamvu m'kamphindi chimaopsa. Koma kawirikawiri wodwalayo amakhala atayenda ndi BP, kuthamanga kwa magazi, zaka zambiri osadziwa. Kuthamanga kwa magazi sikupweteka. Kumangofooketsa mitsempha mwakachetechete. Masiku amene banja limathera kwa sing'anga ndi omwewo amene ubongo ukanapulumutsidwa, ndipo n'zomvetsa chisoni kuona abale akulozana zala pa matenda amene kamakina koyezera pamkono kakanawaulula kale.

Kodi si matenda a okalamba ndi olemera okha?

Ayi. Amagwira mlimi ndi bwana, ngakhale wa zaka 30. Kafukufuku wa pa Queen Elizabeth anasonyeza kuti, kuwonjezera pa BP, kachilombo ka HIV kamachititsa sitiroko mwa anthu ocheperako zaka. Amene ali pa ma ARV asadumphitse mankhwala. Shuga, fodya ndi uchidakwa nazonso zimaononga mitsempha.

Ndingaipewe bwanji?

Yezetsani BP ngakhale simukudwala. Ikamafika 140/90 kapena kupitirira mobwerezabwereza, mufunika thandizo. Mukapatsidwa mankhwala, imwani tsiku lililonse. Ambiri amasiya akamva bwino, osadziwa kuti kumva bwinoko ndi ntchito ya mankhwalawo. Bungwe la WHO limati mchere usafike magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, powerengera ndi wa mu ndiwo. Chotsani kambale ka mchere pamphasa. Chepetsani tchipisi ndi kanyenya, chulukitsani bonongwe, nkhwani, nyemba ndi zipatso. Siyani fodya, ngakhale chingambwe. Yendani mofulumira mphindi 30 masiku 5 pa sabata.

Kodi wodwala amachira?

Ambiri amayendanso ndi kulankhulanso, makamaka akayamba msanga mafizo. Musamusiye chigonere m'nyumba: mutembenuzeni pafupipafupi kuti asatuluke zilonda, mulankhuleni, mumulole ayese kudya yekha adokotala akavomereza. Ndipo inu amene mukumusamalira, mukapita naye kusikelo, perekani mkono wanu akuyezeninso BP.