Kasungidwe ka Mabuku Kuti Adzapulumuke Dziko Likasokonekera

Mu 2012, zigawenga zitalanda mzinda wa Timbuktu kumpoto kwa Mali, Abdel Kader Haidara, yemwe ankasamalira laibulale ya banja lake, anayamba kugula matiranki achitsulo. Matiranki atatha pamsika, amisiri anasula ena kuchokera ku migolo ya mafuta. Usiku anyamata ankalongedzamo zolemba pamanja zakalekale, zonena za mankhwala, nyenyezi, malamulo ndi chipembedzo, n'kukazibisa m'nyumba za anthu wamba. Kenaka matirankiwo anayenda pang'onopang'ono, ena pagalimoto, ena pamabwato mumtsinje wa Niger, mpaka ku Bamako. Mu Januwale 2013 zigawengazo pothawa zinatentha zolemba pafupifupi 4,000 ku Ahmed Baba Institute, koma zoposa 300,000 zinapulumuka.

Pamene boma linali litathawa, nzeruzo zinapulumutsidwa ndi mabanja. Banja, sukulu kapena mpingo uliwonse ungachitenso chimodzimodzi, bola uyambe kudakali bata.

Choyamba: kusankha

Palibe amene angasunge zonse. Wosunga ayambe ndi kudzifunsa kuti mdzukulu wake adzafuna chiyani tsiku limene magetsi, intaneti ndi chipatala zidzakhale kulibe. Patsogolo pakhale mabuku a ulimi, uzamba ndi chithandizo choyamba, kuyeretsa madzi, ukalipentala ndi masamu. Mtanthauziramawu ndi mabuku ophunzitsira mwana kuwerenga asasowe, chifukwa ndiwo makiyi a ena onsewo. Mabuku a mbiri, nthano ndi chipembedzo alowenso, kuti anthu adzadziwe kumene anachokera.

Nzeru zambiri sizinalembedwe n'komwe. Zili m'mitu ya agogo: mtengo wochiza m'mimba, kaumbidwe ka mbiya, kasungidwe ka mbewu zamakolo, malire a minda. Wina akhale nawo pakhonde ndi kope, alembe dzina la wofotokozayo, mudzi ndi chaka.

Chachiwiri: kudalira pepala

Mu 1986 bungwe la BBC linasonkhanitsa zithunzi ndi nkhani za moyo wa ku Britain n'kuziika pa madisiki a LaserDisc, pokumbukira zaka 900 za buku la Domesday. Pasanathe zaka 20, makina owerengera madisikiwo anali osowa kwambiri, moti akatswiri anachita kuvutika kuti apulumutse zomwe zinalimo. Buku lenilenilo, lolembedwa pazikopa mu 1086, likuwerengeka mpaka lero.

Fulashi ndi memori khadi zili ndi ntchito yake. Pulogalamu ya Kiwix imatheketsa kuwerenga Wikipedia popanda intaneti, ndipo foni yotchajidwa ndi sola ingatumikire mudzi wonse. Koma batire imafa, foni imatha. Zofunika koposa zisindikizidwe, kapena zikopedwe pamanja ndi pensulo, popeza pensulo sisuluka ngati inki ya bolopeni zambiri. Pepala la nyuzi limachita chikasu n'kuyamba kufumbutuka msanga, choncho lisadaliridwe. Mawaya omangira mapepala achotsedwe chifukwa amachita dzimbiri. Ulusi ndi singano ndizo zabwino. Selotepi nayo imasiya banga ndipo imawononga tsamba lomwe inati ilimate.

Chachitatu: kulimbana ndi chinyezi ndi chiswe

Apa ndiye pagona nkhani. Ku kachisi wa Haeinsa ku South Korea kuli matabwa oposa 81,000 ozokotedwa malemba a Chibuda m'zaka za m'ma 1200, ndipo adakali bwinobwino. Omanga nyumba zake anaika mazenera osiyana kukula kumaso ndi kumbuyo kuti mphepo izidutsa yokha. Pansi anathirapo makala, laimu, mchere ndi mchenga, zomwe zimayamwa chinyezi nthawi ya mvula. Zolemba za ku Timbuktu nazo zitafika ku Bamako zinakumana ndi mdani watsopano, chinyezi cha mumzindawo, mpaka panafunika makina oumitsa mpweya.

Pakhomo, thiranki yachitsulo ndiyo yabwino chifukwa khoswe sangaiboole. Ikhale pa njerwa kapena pathandala, isagunde khoma, ndipo ikhale m'chipinda chosadontha, kutali ndi khitchini. Mabuku alowemo ali ouma gwa. Aakulu agonekedwe, aang'ono aimikidwe mosapanikizana. Kathumba kansalu ka makala ouma kaikidwe pakona, kosakhudza mapepala, ndipo kazisinthidwa. Kukulunga buku m'jumbo kumaoneka ngati nzeru, koma ngati lili ndi kachinyezi pang'ono, jumboyo imakatsekera momwemo ndipo chuku chimamera. Wosunga azisuzumira kuseri ndi kunsi kwa thiranki: kanjira kadothi kokwera khoma ndi chizindikiro chakuti chiswe chafika.

Buku likanyowa, masiku awiri okha ndi okwanira kuti chuku chiyambe. Liimikidwe chotambasula masamba pamthunzi podutsa mphepo, osati padzuwa kapena pafupi ndi moto, ndipo pakati pa masamba paziikidwa mapepala oyera oyamwa madzi.

Chachinayi: kumwaza makope

Mu Disembala 2015 moto unapsereza laibulale ya Mzuzu University, ndipo mabuku pafupifupi 45,000 anasanduka phulusa. Mu Epulo 2021 moto wolusa wochokera kuphiri unatentha Jagger Library ku University of Cape Town, komwe kunkasungidwa zolemba zambiri zokhudza Africa. Chimene chinali ndi kope kwina chinapezekanso. Chimene chinali chokhachokha chinapita.

Choncho cholembedwa chilichonse chofunika chikhale ndi makope osachepera atatu m'malo otalikirana: limodzi pakhomo, lina kwa achibale a boma lina, lina kusukulu, kutchalitchi kapena kumzikiti. Wokhala kuchigwa komwe madzi amasefukira atumize kope kumtunda. Wosindikiza buku ku Malawi aperekenso kope ku National Archives ku Zomba. Mndandanda wa zonse, wosonyeza komwe kope lililonse lili, ukhale ndi anthu angapo odalirika.

Chachisanu: kulera owerenga

Zilembo zakale za ku Egypt zinakhala pamakoma zaka zoposa 1,400 popanda wotha kuziwerenga. Mawu omaliza odziwika anazokotedwa ku Philae mu 394, ndipo zilembozo zinamvekanso mu 1822 pamene Jean-François Champollion anazimasulira mothandizidwa ndi mwala wa Rosetta, womwe unali ndi uthenga umodzi m'zilembo zitatu. Miyala inalipo, koma owerenga anali atatha. N'chifukwa chake cholembedwa chofunika chikhale m'zinenero ziwiri, monga Chichewa ndi Chingerezi, masamba ake moyang'anizana.

Ndipo thiranki izitsegulidwa. Chaka chilichonse mu Okutobala, mvula isanagwe, banja litulutse mabuku onse pamkeka pamthunzi, liwapukute fumbi, lisinthe makala ndi kuwerengera ngati onse alipo malinga ndi mndandanda. Tsiku lomwelo mwana mmodzi awerenge mokweza tsamba limodzi, mnzake akopere m'kope latsopano tsamba lomwe layamba kufufutika, ndipo alembe m'munsi dzina lake ndi chaka.