Tiyi Wowerengera ndi Tiyi Wogonera: Zomwe Tingaphunzire kwa Anthu a ku Japan

Anzanga, mayeso a MSCE ayandikiranso, ndipo nyali zayamba kuzima mochedwa. Amene mumachita self-boarding mukudziwa zomwe ndikunena: mbaula pakona, kapoto ka tiyi pamoto, kope la Biology pamphasa. Ena mwafika pomamwa khofi wa ku Misuku 9 koloko usiku kuti tulo tithawe. Kukacha, aphunzitsi ali pabolodi, inu mukuwodzera. Ndiye tifunsane: kodi tiyi amapatsadi mphamvu? Nanga tiyi yense ndi woyenera nthawi ina iliyonse? Ku Japan, dziko la anthu okonda tiyi kwambiri, ali ndi tiyi wobiriwira amene amamwa pofuna kukhala tcheru, komanso tiyi wokazinga amene ambiri amamwa madzulo. Tiyeni tione kusiyana kwake, chifukwa muli phunziro lotikhudza ifeyo.

Mtengo ndi umodzi

Tiyi wakuda amene timamwa kunyumba, kaya ndi wa ku Thyolo ndi Mulanje, wa ku Kawalazi ku Nkhata Bay, kapena wa ku Tukuyu kutsidya la Songwe, amachokera ku mtengo womwewo umene umapereka tiyi wobiriwira wa ku Japan. Dzina lake la sayansi ndi Camellia sinensis. Chimene chimasiyanitsa ndi zomwe masamba amachitidwa akathyoledwa.

Mukadula mbatatesi n'kuisiya pambale, imada. Zimatero chifukwa ma-enzyme a m'katimo akumana ndi mpweya wa okosijeni. Popanga tiyi wakuda, masamba amawafotetsa, kuwaphwanya, n'kuwasiya dala kuti ade, kenako n'kuwaumitsa. Ku Japan amachita zosiyana. Masamba akangothyoledwa amawapititsa mu nthunzi yotentha kwa kanthawi kochepa, nthawi zambiri osapitirira mphindi ziwiri. Kutenthako kumawononga ma-enzyme aja, ndiye masamba sada, amauma ali obiriwira. Musaganize kuti izi n'zakunja kokha: esiteti ya Satemwa ku Thyolo, yomwe inayamba mu 1923, imapanganso tiyi wobiriwira.

Wobiriwira: sencha ndi matcha

Sencha ndiye tiyi wobiriwira wa tsiku ndi tsiku ku Japan, ndipo amalimidwa kwambiri m'zigawo za Shizuoka ndi Kagoshima. Matcha ndi wa ufa. Mitengo yake amaiikira mthunzi kwa masabata angapo asanathyole, kenako masambawo amawapera kukhala ufa wosalala. Posungunula ufawo m'madzi, munthu amamwa tsamba lonse, choncho matcha amakhala ndi kafeini wambiri kuposa sencha.

M'masamba a tiyi mulinso chinthu china chotchedwa L-theanine, chomwe chinatulukiridwa ku Japan mu 1949. Akafukufuku ena apeza kuti chikakhala pamodzi ndi kafeini chimathandiza munthu kuika maganizo pa chinthu chimodzi. Mu khofi mulibe chimenechi. Koma musamve molakwika: tiyi wobiriwira ali ndi kafeini ndithu, ndipo angakulandeni tulo.

Wokazinga: hojicha

Hojicha anayambira mumzinda wa Kyoto m'zaka za m'ma 1920. Amatenga tiyi wobiriwira, makamaka masamba okhwima ndi timitengo take, n'kukazinga pamoto wamphamvu mpaka asanduke ofiirira. Ganizirani mtedza wauwisi ndi mtedza wokazinga: mbewu ndi yomweyo, koma fungo ndi kakomedwe zasintha. Hojicha naye amanunkhira zokazinga, ndipo sawawa mkamwa.

Kafeini amachuluka m'nsonga zanthete za mtengo wa tiyi, ndipo amachepa m'masamba okhwima ndi m'timitengo. Ichi ndiye chifukwa chachikulu chimene hojicha amakhalira wofatsa. N'chifukwa chake mabanja ambiri ku Japan amamwa ameneyu akamaliza chakudya chamadzulo, ndipo amapatsako ana ndi okalamba. Komabe kafeini alimo ndithu pang'ono, sikuti mulibiretu.

Kodi mphamvuyo ndi yeniyeni?

Apa ndiye pagona nkhani. Tikadzuka m'mawa, mu ubongo mumayamba kuunjikana chinthu chotchedwa adenosine. Chikachuluka, chimauza thupi kuti latopa, likagone. Kafeini amakakhala pamalo pomwe adenosine amayenera kukhala, ndiye uthenga wa kutopa sufika. Kutopako sikunachoke ayi, kwangobisidwa. Zili ngati kumata nsalu pa geji ya mafuta a njinga yamoto: simukuona kuti mafuta akutha, koma akutha basi. Kafeini akachepa m'thupi, ngongole yonse ya tulo imabwera kamodzi, ndipo kawirikawiri imakupezani m'kalasi.

Tiyi wopanda shuga ndi mkaka alibe chakudya choti n'kupatsa thupi mphamvu. Mphamvu yeniyeni ili mu mbatata, chinangwa, nthochi kapena phala lomwe mwadyera tiyiyo. Amene mumabwera kusukulu ndi tiyi yekha m'mimba, mutayenda mtunda wautali, dziwani kuti mwanyenga thupi, simunalidyetse.

Tiwerengetsere pang'ono

Kapu ya khofi imakhala ndi kafeini pafupifupi 80 mpaka 100 mg, ya tiyi wakuda pafupifupi 40 mpaka 50 mg, ya tiyi wobiriwira wamba pafupifupi 30 mg. Manambalawa amasintha malinga ndi kuchuluka kwa masamba komanso nthawi imene mwawasiya m'madzi. Tiyi wowiritsa nthawi yaitali mpaka kuda bii amakhala ndi kafeini wochulukirapo.

Thupi limatenga maola pafupifupi 5 kuti lichotse theka la kafeini amene mwamwa. Tinene kuti mwamwa khofi wa 80 mg nthawi ya 9 koloko usiku. Pofika 2 koloko m'bandakucha, 40 mg akadali m'magazi. Pofika 7 koloko, belu la asembule likulira, mukadali ndi 20 mg. Mwina tulo tabwera, koma sitikhala tokoma. Tsonotu ubongo umasunga bwino zimene mwawerenga pamene mukugona. Madokotala a za tulo amati wachinyamata wa zaka 13 mpaka 18 amafunika kugona maola 8 mpaka 10. Wowerenga mpaka nkhuku kulira akuthira madzi m'dengu.

Bungwe loona za chitetezo cha zakudya ku Ulaya, EFSA, linanena mu 2015 kuti kwa ana ndi achinyamata mulingo wosadetsa nkhawa ndi 3 mg pa kilogalamu iliyonse ya thupi patsiku. Wolemera 50 kg, ndiye kuti 150 mg. Makapu awiri a khofi wamphamvu, mwadutsa kale. Zakumwa zam'mabotolo zomwe amati zopatsa mphamvu nazonso muziwerengere momwemo.

Ndiye ife titani?

Hojicha simumupeza m'magolosale a pa Boma, ndipo palibe chifukwa chomufunira. Chofunika kutengapo ndi nzeru yake: chakumwa cham'mawa chikhale china, chamadzulo china.

Choyamba, tiyi wamasamba kapena khofi imwani m'mawa kapena masana, ndipo mudyere kanthu. Dzuwa likapendeka, msiyeni.

Chachiwiri, usiku wa June kukazizira mukafuna chotentha, wiritsani lemoni girasi, chidede kapena jinja. Zimenezi zilibe kafeini, ndipo zina zimamera kuseri kwa nyumba.

Chachitatu, musamwere tiyi pa nsima. Mu tiyi, wakuda ndi wobiriwira yemwe, muli ma-tannin amene amalepheretsa thupi kuyamwa bwino ayironi wa mu nyemba ndi ndiwo zamasamba. Dikirani ola limodzi mutadya. Achemwali, ili likukhudzani kwambiri, chifukwa kuchepa kwa magazi kumabweretsa kufooka ndi chizungulire, zomwe tiyi sangachize.

Chachinayi, ngati tulo takugwirani mukuwerenga, tsekani buku mukagone, mudzuke m'mamawa. Ola limodzi la mutu wopepuka limaposa maola atatu oyang'ana tsamba lomwelomwelo.

Yesani nokha

Dulani mbatatesi imodzi pakati. Theka lina muliviike m'madzi owira kwa mphindi ziwiri, linalo mulisiye lauwisi. Ikani onse awiri pambale, mudzaone patapita ola limodzi.

1. Ndi theka liti lomwe lada, ndipo n'chifukwa chiyani?
2. Theka lomwe munaviika m'madzi owira likufanana ndi tiyi uti?
3. Mnzanu wamwa 100 mg ya kafeini 8 koloko usiku. Pofika 6 koloko m'mawa, watsala ndi wochuluka bwanji m'thupi?
4. Tchulani zifukwa ziwiri zimene hojicha amasiyanirana ndi matcha.

Mayankho anu mupereke kwa akomiti ya magazini ino lisanafike Lachisanu. Werengani mwakhama, anzanga, koma usiku ukafika mukagone.