Timatumba Tomwe Maselo Amatulutsa: Kutipatula M'minofu

Amene tikuchita maphunziro a zaumoyo tinazolowera kuti magazi akazunguliridwa m'makina a centrifuge amagawika patatu: maselo ofiira pansi, kamzere koyera pakati, madzi achikasu a plasma pamwamba. Madzi apamwambawo amaoneka ngati mulibe kanthu. Komatu muli timatumba tosawerengeka tomwe maselo amatulutsa, tokutidwa ndi kachikopa ka mafuta kofanana ndi ka selo lenilenilo, ndipo mkati mwake mumakhala mapuloteni ndi RNA. Pachingerezi amatitcha extracellular vesicles, mwachidule ma EV. Tambiri timakula mananomita 100 kapena kucheperapo, pamene selo lofiira la magazi limafika mananomita 7,000. Maikulosikopu ya m'labotale yathu siingatione.

M'chaka cha 1967, Peter Wolf wa ku Birmingham anatipeza m'plasma n'kutitcha fumbi la ma platelet. Mu 1983, magulu awiri a ofufuza, lina la Philip Stahl ku St. Louis ndi lina la Rose Johnstone ku Montreal, anaona maselo ofiira osakhwima akutaya mapuloteni osafunikanso kudzera m'timatumbati. Kwa zaka zambiri anthu ankangotiyesa dzala la selo. Maganizo anasintha kwambiri mu 2007, pamene gulu la Jan Lötvall ku Gothenburg linasonyeza kuti timanyamula RNA kuchoka ku selo lina n'kukaisiya ku selo lina. Dzala lija linasanduka mtengamakalata.

Nkhaniyi si yakutali nafe. Mu 2004 magazini ya JAMA inasindikiza kafukufuku wa ana a kuno ku Malawi, wosonyeza kuti amene anakomoka ndi malungo aakulu anali ndi timatumba tambiri tochokera m'khoma la mitsempha ya magazi.

Nanga n'chifukwa chiyani tivutike ndi minofu pamene magazi ndi osavuta kutenga? Magazi ali ngati msika wa pa boma: aliyense wabwera ndi katundu wake. Timatumba tambiri ta m'magazi timachokera ku ma platelet ndi maselo ena a magazi omwewo, ndipo tochokera m'chotupa cha khansa kapena muubongo timangosowa m'chigulucho. Maselo oleredwa m'botolo nawonso amasintha khalidwe akakhalitsa. Tikafuna kumva zomwe maselo akuuzana pamalo penipeni pa nthenda, tiyenera kutenga timatumba tomwe tili m'mipata ya pakati pa maselo a chiwalocho.

Apa ndiye pagona vuto lonse. Mkati mwa selo lililonse mulinso timatumba tina tomwe sitinatulukepo, ndiponso kachikopa ka selo kakang'ambika, zidutswa zake zimadzitseka zokha n'kuoneka ngati ma EV enieni. Tikasinja mnofu monga timachitira pofuna mapuloteni, tidzakolola timatumba tambiri zedi, koma topangidwa ndi dzanja lathu. N'chifukwa chake mnofu sausinja. Amaudula mosamala m'tizidutswa ting'onoting'ono, n'kuuviika m'madzi okhala ndi ma enzyme osungunula ulusi womanga maselo pamodzi. Njira yomwe Rossella Crescitelli ndi anzake anasindikiza mu 2021, yochokera pa ntchito yawo ya zotupa za khansa ya pakhungu ya melanoma, imagwiritsa ntchito collagenase D ndi DNase I kwa mphindi 30 pa madigiri 37. Collagenase imamasula ulusiwo, DNase imadula DNA yomwe imatelereka ngati therere n'kumata zinthu pamodzi. Nthawi ikapitirira, ma enzyme amayamba kuwononga maselo, mwinanso mapuloteni a pamwamba pa timatumba tomwe tikufunato. Mnofu wongochotsedwa kumene ndi wabwino kuposa woumitsidwa mufiriji, popeza madzi akamaundana amaphulitsa maselo. Komabe ofufuza ubongo wa anthu nthawi zambiri alibe kuchitira mwina, amagwiritsa ntchito woumitsidwa womwewo.

Zikatero amasefa ndi sefa ya mamaikulomita 70, kenako n'kuyamba kuzunguliza pang'onopang'ono, cholemera chizitsika choyamba. Pa mphamvu ya 300 g maselo athunthu amakhala pansi. Pa 2,000 g zinyenyeswa zimatsatira. Pa 10,000 g kapena kupitirirako pang'ono, timatumba tokulirapo timatsika. Tating'ono timafuna 100,000 g kwa ola lathunthu ndi mphindi zingapo, ndipo izi zimatheka ndi ultracentrifuge, makina odula kwambiri omwe centrifuge ya kuchipatala siingawayandikire n'komwe.

Zomwe zakhala pansi pa chubu sizinayerebe. Muli mapuloteni oundana ndi zina zotero. Amaziyeretsa poziyandamitsa m'madzi a iodixanol kapena a shuga wa sucrose, osanjikizidwa kuyambira olemera pansi mpaka opepuka pamwamba. Timatumba timakaima pamulingo wolingana ndi kulemera kwake, mapuloteni n'kutsala pansi. Njira ina ndi yothira madziwo m'chubu chodzaza timikanda ta timabowo: mapuloteni ang'onoang'ono amalowa m'timabowomo n'kuchedwa, timatumba timalambalala n'kuyamba kutuluka. Njira imeneyi siifuna makina odula, n'chifukwa chake ife timaiona kuti ndi yoyenera kuidziwa bwino. Koma tizikumbukira kuti njira yoyeretsa kwambiri imatayanso timatumba tambiri. Ndipo kwa ife a kuno pali chinanso: kachilombo ka HIV kamakula pafupifupi mofanana ndi timatumbati, kulemera kwakenso n'koyandikana, moti n'kovuta kukalekanitsa. Zoyeza zochokera kwa munthu amene ali ndi kachilomboka tizigwire ngati kadakali momwemo.

Ndiye tidziwa bwanji kuti tapezadi ma EV? Bungwe la International Society for Extracellular Vesicles linatulutsa malangizo otchedwa MISEV mu 2014, n'kuwakonzanso mu 2018 ndi 2023. Wofufuza asonyeze chithunzi cha electron microscope, awerenge timatumbato ndi kukula kwake, apeze mapuloteni oyembekezereka monga CD9, CD63, CD81 kapena TSG101. Afufuzenso omwe sayenera kuchuluka. Calnexin, mwachitsanzo, amakhala mkatikati mwa selo, choncho akachuluka pakati pa timatumba tating'ono, tikayikire kuti maselo anaphulika. Powerenga pepala la kafukufuku, tiyambe tayang'ana mbali imeneyi tisanasangalale ndi zotsatira.

Kuchipatala, zoyezera ndi zomwe zatsogola. Ku America kuli kale njira yotchedwa ExoDx Prostate, yoyeza RNA ya timatumba ta mumkodzo pofuna kuona ngati bambo akufunika kudulidwa kamnofu ka prostate. Kumbali ya mankhwala, malonda athamanga kuposa umboni. Mu Disembala 2019 bungwe la FDA linachenjeza anthu odwala ena ku Nebraska atadwalika kwambiri chifukwa cholandira mankhwala otchedwa a exosome, ndipo linanena poyera kuti panthawiyo panalibe mankhwala otere omwe linavomereza. Wodwala kapena wachibale akationetsa zotsatsa za pa Facebook zonena kuti jakisoni wa exosome amachiza shuga kapena nyamakazi, timufunse kuti timatumbato tachokera ku maselo ati, tapatulidwa motani, nanga ndi bungwe liti loona za mankhwala lomwe linavomereza jakisoniyo.