Kubwezeretsa nipo ya girisi kumbuyo kwa njinga yamoto

Gwadani pafupi ndi tayala lakumbuyo, muyang'ane pamene swingarm, chitsulo chonyamula tayala chija, chagwirana ndi felemu. Ngati njinga yanu ili ndi shoko imodzi pakati, monga njinga za Honda zokhala ndi Pro-Link zimene zinayamba kutuluka mu 1981, suzumiraninso pansi pa shokoyo pamene pali timikono tolumikizana. M'malo amenewa mungapeze kachitsulo kakang'ono ka mutu wobulungira. Imeneyo ndiyo nipo ya girisi. M'kati mwake muli kampira kachitsulo kokankhidwa ndi sipuling'i. Pampu ikakankha girisi kampirako kamapatuka, ikaleka kamatseka khomo kuti madzi ndi fumbi zisalowe. Mwala ukaimenya, kapena wina akaimanga mwankhanza, imathyoka n'kusiya dzenje loyasama, ndipo dzinja limodzi ndi lokwanira kudya mabushi ndi mabering'i a m'katimo.

Musanapite kukagula kanthu, tsimikizani kuti nipoyo inalipodi. Njinga zambiri za mashoko awiri, zonga zimene amayendetsa a kabaza, zili ndi mabushi a labala pa swingarm. Amenewo safuna girisi, ndipo girisi wamba amawafooketsa. Ngati palibe dzenje, musaboole. Ntchito yathu ndi ya pamene pali dzenje la mazinga, kapena chitsa cha nipo yothyoka.

Nipo imodzi siifika pa mtengo wa lita imodzi ya petulo, choncho gulani ziwiri kapena zitatu. Chodula ndi pampu ya girisi, koma simuyenera kuigula. Eni chigayo amakhala nayo, amakaniko a malole nawonso. Ngati nipo yangosowa ndipo mazinga ali bwino, mphindi 20 zikwana. Ngati yathyokera m'kati, patulani ola limodzi kapena awiri, ndipo musayambe dzuwa litapendeka.

Posankha nipo ndi pamene ambiri amalakwa, ndiye tikhalitsepo. Kapangidwe ka mutu wa nipo kamafanana pafupifupi paliponse, n'chifukwa chake pampu imodzi imagwira pa chigayo, pa thirakitala ndi pa njinga. Koma mazinga ndi osiyana. Njinga zina zimalandira M6 x 1.0, kutanthauza mamilimita 6 m'mimba mwake ndi milimita imodzi pakati pa mazinga. Palinso M6 x 0.75 ya mazinga othithikana, M8 yokulirapo, ndi 1/4-28 ya muyezo wa mainchesi. Yotsirizayi ndiyo yachinyengo. Ndi yonenepa pang'ono chabe, mamilimita 6.35, moti imalowa kamodzi kapena kawiri kenaka n'kulimba. Munthu amaganiza kuti ndi dzimbiri, amatenga sipanala, basi mazinga apita. Wogulitsa akakuuzani kuti zonse n'zimodzimodzi, musavomere. Masulani nipo yabwino pa njinga yomweyo mupite nayo kusitolo, mugundanitse mazinga ake ndi a yatsopanoyo moyang'ana kowala. Akalumana popanda mpata, ndi yomweyo. Ngati palibe yotengera chitsanzo, yesani bawuti ya M6 pa dzenjelo ndi zala zokha. Ikalowa mosavuta mwapeza muyezo.

Onaninso kutalika kwa mbali ya mazinga. Yaitali kwambiri imakagunda bushi m'kati n'kudzitsekera njira. Ndipo nipo zilipo zowongoka, zopindika madigiri 45 ndi za 90. Pamene pampu ingafike mosavuta ikani yowongoka, chifukwa siitulukira kwambiri ndipo miyala siipeza msanga. Yopindika ndi ya malo obisika.

Tsopano imikani njinga pa sitandi yapakati. Ngati ilibe, ikani chipika kapena kireti pansi pa felemu kuti tayala lakumbuyo lilendewere, wina agwire chiwongolero. Tsukani malowo ndi burashi yakale ya mano ndi palafini, mupukute ndi sanza. Muyambe ndi kutsuka musanakhudze chitsacho, apo ayi mchenga wonse ugwera m'dzenje.

Chitsa chikatulukira pang'ono, donthezani mafuta omasulira dzimbiri, mudikire mphindi 15, muchigwire ndi pulayazi yoluma n'kupotokola kumanzere. Chikathyokera mofanana ndi chitsulo musataye mtima, chifukwa nipo ndi yobooka kale pakati. Tokosani ndi waya kuti sipuling'i ndi kampira zituluke, zisagwere m'kati. Kenaka lowetsani kachipangizo kotulutsira mabawuti othyoka, ka mazinga akumanzere, kochepetsetsa m'paketi. Ngati mulibe, songolani msomali wa konkire pa girenda kuti nsonga yake ikhale ya ngodya zinayi. Ukhomeni pang'onopang'ono mpaka ulume, muugwire ndi pulayazi, mupotokole kumanzere. Musakhome ngati mukukhoma phaso. Mukakhoma kwambiri chitsacho chimatukumuka n'kukanirira, ndipo kachipangizo kolimbako kakathyokera momwemo dirilo wamba sangakaboole.

Chikakana kawiri, lekani. Kuboola ndi dirilo swingarm ili pa njinga kumagwetsera tizitsulo pa bering'i. Imeneyo ndi ntchito yomasula zonse. Makaniko aboola, atsuka, n'kudula mazinga atsopano, ndipo ngati akale anaphwasuka akuza dzenje kuti lilandire M8.

Chitsa chatuluka, kapena nipo inangosowa? Musathamangire kumanga yatsopano. Kolowolani m'dzenjemo ndi kamtengo ka machesi, muone chotuluka. Girisi wakuda koma woterera ndiye kuti mwafulumira. Mukaona matope, madzi kapena ufa wofiira wa dzimbiri, dziwani kuti zalowa kale, ndipo kupopa girisi kungokankhira mchenga pa bering'i. Yesaninso tayala. Ligwireni ndi manja awiri mulikankhe uku ndi uku, kenaka mulinyamule m'mwamba pang'ono. Mukamva kugogoda kapena kukhwekhwereza shoko isanayambe kugwira, mabushi kapena mabering'i atha, ndipo nipo yatsopano siingawadzutse. Pamenepo sololani bawuti yaikulu, mutsuke zonse ndi palafini, musinthe zotha. Ine ndimati nipo ikakhala itasowa nyengo yonse ya mvula, masulani ndithu ngakhale tayala lisakugwedera.

Zonse zili bwino, pakani kagirisi pa mazinga, mulowetse nipo ndi zala mpaka ilimbe. Nipo ya M6 nthawi zambiri imafuna sipanala ya 7, zina ya 8. Onjezerani kotala kapena theka la kuzungulira, basi. Gwirani sipanala pafupi ndi mutu, osati kumchira, chifukwa kachitsulo kobooka pakati sikapirira mphamvu. Yopindika muisiye itayang'ana kumene pampu ifikire. Ikakana kufika pamenepo musaikakamize, yesani ina, poti mazinga sayambira pamodzi.

Girisi woyenera ndi wa lithium wolembedwa NLGI 2. Ngati buku la njinga yanu likunena wa molybdenum, wotuwa moderapo uja, tsatirani bukulo. Mukabwereka pampu funsani girisi amene alimo, mupope kawiri pa sanza kuti zinyalala za kukamwa kwake zichoke. Kanikizani kamwalo pa nipo mpaka ligwire, mupope mosathamanga tayala lili m'mwamba, poti kulemera kukachoka girisi amazungulira bwino. Lekani mukaona girisi akusuzumira m'mbali mwa labala yotsekera. Pampu yamanja ili ndi mphamvu yoposa mmene imaonekera, ndipo mukapitiriza mutulutsa labalayo m'malo mwake.

Chogwirira cha pampu chikauma osapopeka, masulani nipo muiyese payokha pa pampu. Ikatulutsa girisi, ndiye kuti vuto lili m'kati, girisi wakale anauma n'kutseka njira. Kolowolani, mudontheze mafuta pang'ono, mugwedeze swingarm, muyesenso. Pochotsa pampu musakoke molunjika kapena kupinda mwamphamvu. Masulani kamwa lake pang'ono, mupendeketse, mukoke. Nipo zambiri zimathyokera pamenepa.

Pukutani girisi wotuluka, makamaka amene wayandikira tayala kapena mabuleki, koma siyani kakang'ono pamutu pa nipo ngati mulibe kachipewa kake ka labala. Popaninso nthawi iliyonse mukasintha oyilo wa injini, ndiponso mukawoloka madzi akuya kapena mukatsukitsa njinga ndi makina a madzi amphamvu. Ngati lero simunaipeze nipo yoyenera kusitolo, musayende ndi dzenje loyasama. Tsekani ndi bawuti yaifupi ya mazinga omwewo, yosafika pa bushi, mpaka mutaipeza.