Kompyuta Yakale Isangogona M'sitolo

Ambiri a ife tinadutsa kusekondale komwe kunali kachipinda kokhala chokhoma, mkati muli makompyuta odzaza fumbi amene anabwera ngati mphatso zaka zapitazo. Tikafunsa, yankho linali limodzi: "Amenewo anafa." Choncho tinaphunzira kiyibodi pa bolodi, yojambulidwa ndi choko, mpaka kulemba mayeso a MSCE zala zisanazolowere mabatani. Posachedwapa tipita kukayeserera uphunzitsi, ndipo zipinda zoterezi tikazipezanso. M'phunziro lino tiona kuti ambiri mwa makompyuta amenewa sanafe, komanso ntchito imene tingawapatse.

Chimene chimalemetsa kompyuta

Nthawi zambiri zipangizo za mkati zimakhala zili bwino. Chimene chavuta ndi pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta yonse, imene yakula kuposa mphamvu za makinawo. Kampani ya Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna RAM yosachepera 4GB ndi kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, kamene makompyuta ambiri akale alibe.

Apa ndi pamene Linux imatithandiza. Anaiyambitsa ndi Linus Torvalds mu 1991, ali ndi zaka 21, akuphunzira pa yunivesite ya Helsinki ku Finland. Anali wophunzira ngati ife. Chilolezo chake chimapatsa aliyense ufulu woikopera, kuisintha ndi kugawira ena. Tikaika Linux pa makompyuta khumi a sukulu sitilipira kanthu, ndiponso sitinabe katundu wa munthu.

Linux ili ndi mitundu yambiri. Ngati kompyuta ili ndi RAM ya 2GB kapena kuposa, tiyese Linux Mint Xfce kapena Lubuntu, chifukwa maonekedwe ake savuta kwa munthu wozolowera Windows. Ngati ndi yakale kwambiri, ya 32-bit, antiX imayendabe pa makina otere.

Kaikidwe kake

Choyamba, tipemphe chilolezo kwa mwini kompyuta, ndipo tikopere mafayilo onse amene alimo. Mfundo imeneyi tinaiphunzira ndi misozi. Tsiku lina tinathamangira kukonza laputopu ya mnzathu wa kuhositelo, tinasankha kufufuta disiki yonse, ndipo zithunzi za ukwati wa mlongo wake zinapita limodzi ndi ntchito ya kalasi imene anali asanapereke. Laputopu inadzuka bwino, koma mwiniyo anatha sabata osatilankhula.

Chachiwiri, titenge fayilo ya Linux pa intaneti. Imakhala ya pakati pa 2GB ndi 3GB, choncho ndi nzeru kuitenga pa Wi-Fi kamodzi n'kumagawana. Kenako tiilembe pa fulashi ya 8GB pogwiritsa ntchito pulogalamu ya Rufus kapena balenaEtcher. Tikumbukire kuti zonse zimene zinali pa fulashiyo zifufutika.

Chachitatu, tilowetse fulashi ndi kuyatsa kompyuta tikudina batani losankhira poyambira. Pa Dell ndi Lenovo nthawi zambiri ndi F12, pa HP ndi F9. Linux Mint ndi Lubuntu zimayenda kuchokera pa fulashi zisanaikidwe, choncho tili ndi mpata woyesa kiyibodi, mawu ndi Wi-Fi popanda kusintha chilichonse. Zonse zikayenda, ndiye tiike. Tisankhe nthawi imene magetsi ndi odalirika, chifukwa akazima ntchito ili pakati tiyambiranso.

Ntchito zitatu zimene tingayese

Yoyamba ndi laibulale yosafuna intaneti. Pulogalamu ya Kiwix imasunga Wikipedia pa kompyuta, ndipo munthu amawerenga ndi kufufuza popanda kugula data. Wikipedia yonse ya Chingerezi yokhala ndi zithunzi imadya malo pafupifupi 100GB, koma pali zigawo zing'onozing'ono za masamu, sayansi kapena zaumoyo zimene zimakwana pa disiki yakale. Tikalumikiza kompyutayo ku router, mafoni ndi makompyuta ena m'chipindamo amatha kuwerenga kuchokera pomwepo. Pa ntchito imeneyi ngakhale laputopu yosweka sikirini imathandiza, bola poikonza tiibwerekere sikirini ina.

Yachiwiri ndi kalasi ya Kolibri. Pulogalamu imeneyi, yopangidwa ndi bungwe la Learning Equality, inakonzedwera malo opanda intaneti. Mphunzitsi amatenga mavidiyo ndi mafunso kamodzi, amapanga kalasi, amapereka ntchito, kenako amaona mwana amene wakakamira pa mutu wina. Kwa ife ophunzira za uphunzitsi, ndi malo abwino oyeserera kukonza phunziro ndi kuyesa ana.

Yachitatu ndi yosavuta kuposa zonse: kompyuta yophunzirira kutaipa ndi kulemba. LibreOffice imalemba makalata, imawerengera malikisi ndi kutsegula mafayilo a Word ndi Excel. Tux Typing imaphunzitsa zala kudzera m'masewera, ndipo GCompris ili ndi masewera a masamu ndi kuwerenga a ana a kupulayimale. Mwana wa Fomu 1 akakhala pa kompyutayi mphindi makumi awiri pa sabata, pofika kumapeto kwa temu kiyibodi saiopanso.

Malire ake

Linux siukitsa makina amene anapsa. Ngati kompyuta siyaka n'komwe, vuto lili mu zipangizo. Ngati disiki ikulira ngati ikugogoda, yatsala pang'ono kufa, ndipo kuikamo SSD ndiko kukonza kumene kumafulumizitsa kompyuta kwambiri. Komanso kompyuta ya patebulo imadya magetsi ambiri kuposa laputopu, zimene tiyenera kuganizira pa sukulu yodalira sola. Imene yakanikiratu tisaiwotche kapena kuiponya kudzala, chifukwa mu zipangizo zakale muli mtovu umene umawononga nthaka ndi madzi. Tichotse RAM ndi zina zimene zili bwino kuti zikathandize kompyuta ina.

Chinthu chinanso: tisasiye kompyuta pa sukulu popanda wodziwa kuiyendetsa. Tikamaliza nthawi yathu yoyeserera tidzachoka, ndipo ngati sitinaphunzitse mphunzitsi mmodzi ndi ana awiri kapena atatu, chitseko chija chidzakhomedwanso.

Mafunso okambirana

1. Kodi ndi kompyuta iti yosagwira ntchito imene tikuidziwa, kwathu, kutchalitchi kapena kusukulu, ndipo tingapemphe kwa ndani?
2. Pa phunziro limene tidzaphunzitse, ndi mitu itatu iti imene tingakonde ana aipeze mu laibulale yosafuna intaneti?
3. Ana ali 60, kompyuta ndi imodzi. Tingakonze bwanji ndandanda yoti aliyense, atsikana ndi anyamata mofanana, aigwireko?