Azakhali, fulashi yandithera nsapato

Azakhali,

Ndili ndi kaofesi pa boma pano pa Ntcheu. Timajambula maukwati ndi zinkhoswe. Makompyuta alipo atatu m'zipinda ziwiri. Kuti vidiyo ifike kwa mnyamata woikonza, timayenda ndi fulashi, apo ayi timatumizirana pa WhatsApp. Bandulo sikuchedwa kutha, ndipo fulashiyo yatibweretsera vayilasi kawiri konse. Nditani?

Wotopa, Ntcheu

Wotopa mwanawe,

Ndaseka mpaka duku kugwa. Munthu ali kuseri kwa khoma, akatsokomola ukumumva, koma vidiyo ukumutumizira pa intaneti? Kumeneko ndiye kupita ku Lizulu kudzera ku Blantyre.

Makompyutawo amatha kucheza okhaokha popanda bandulo, bola uwamangire ubale ndi waya. Ukagule kabokosi kotchedwa switch, ka mabowo asanu nkokwanira. Koma tsegula maso: pakhale polembedwa Gigabit kapena 1000 Mbps. Wogulitsa akakunyengerera ka 100 Mbps poti nkotchipa, umuuze kuti Azakhali akana, chifukwa kameneko kamachedwa kakhumi. Ndi ka Gigabit, vidiyo ya 1 GB imawoloka pa masekondi pafupifupi 10, tiyi asanazizire n'komwe.

Waya wake ndi Cat5e kapena Cat6, kompyuta iliyonse wakewake, kuchoka kumbuyo kwake kukalowa mu switch. Usapitirire mamita 100. M'kati mwake muli timawaya 8, ndipo kamodzi kakangoduka liwiro limagwa. Choncho usauyale pansi pomwe mumakokapo mipando, usaupanikize ndi chitseko. Uyende m'khoma, m'kapaipi, poti makoswe a kudenga sadziwa kuti waya ndi wodula.

Mukalumikiza, wodziwa makompyuta aike manambala: woyamba 192.168.1.1, wachiwiri 192.168.1.2, wachitatu chimodzimodzi kumathero 3. Kenako mutsegule foda imodzi yogawana, ya ntchito basi, ndipo ikhale ndi pasiwedi. Ndati imodzi! Ukatsegula kompyuta yonse, mnyamatayo aona ndi zithunzi zija umati unafufuta. Usandiyang'ane choncho, ine ndinalera ana.

Vayilasi nayo imadziwa kuyenda pa waya, ndiye yambani mwatsuka makompyuta onse atatu. Mvula ya mphenzi ikayamba kugunda kuphiri, zulani mapulagi.

Ndalama ya bandulo yomwe upulumutseyo usakamwere. Unditumizire thumba la kachewere wa ku Tsangano, wamkuluwamkulu.

Ndine Azakhali ako